Mwana wanga ndi makaniko wa ndege ndipo akupita ku Congo: chimagwetsa ndege za asilikali n'chiyani?

Mayi wina wa ku Ntcheu walemba motere: "Mwana wanga wachiwiri ndi msilikali, adaphunzira zokonza ndege. Watiuza kuti dzina lake latuluka pa gulu lopita ku Congo kukasungitsa mtendere, ndipo akuti amakaniko nawonso amakwera helikopita zimene akonza. Chichitikireni ngozi ya ku Chikangawa, ine ndikangomva kulira kwa ndege mtima umathawa. Tulo sindikuona. Inu mudagwirako ntchito imeneyi kunja, ndiuzeni zoona: chimagwetsa ndege za asilikali n'chiyani? Ndimuuze akane?"

Amayi, zikomo polemba, ndipo mtima ukhale m'malo. Mantha anu si achilendo. Ngozi ya pa 10 Juni 2024, pomwe ndege ya Dornier 228 idagwa m'nkhalango ya Chikangawa n'kupha anthu 9, kuphatikizapo wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko Dr Saulos Chilima, idasiya chilonda ngakhale m'nyumba za anthu amene sadakwerepo ndege. Koma zoti akane, musamuuze. Usilikali sulola zimenezo, ndipo mungomusenzetsa katundu wina woti azikamuganizira ali pamwamba pa injini, sipanala ili kumanja.

Zoti amakaniko amakwera nawo n'zoona. Helikopita monga Mi-8 ndi Mi-17, zimene zimanyamula kwambiri asilikali a United Nations, kutsogolo kumakhala anthu atatu: oyendetsa awiri, ndi injiniya amene amakhala pakati pawo maso ali pa mawotchi a injini ndi mafuta. Ndege ikakonzedwa chinthu chachikulu imayamba yauluka ulendo woyesa, ndipo kawirikawiri wokonzayo amakweramo. Ine mwambo umenewu ndimaukonda. Munthu amene akudziwa kuti mawa akweramo iye mwini samanga nati mongothamangira.

Pa zaka zimene ndidagwira ntchito kum'mawa kwa Congo ndi ku Darfur, zovuta ndidaziona zambiri, koma pafupifupi zonse zidathera poti anthu atsika ndi miyendo yawo, ena akutukwana, ena akuseka. Zimene mumamva pa wailesi ndi zochepa zija zothera pa maliro. Ndipo ndege kugwa chifukwa cha chinthu chimodzi n'kosowa. Zimakhala tinthu ting'onoting'ono taunjikana tsiku limodzi, tsono pakapezeka munthu mmodzi woimitsa kamodzi mwa tinthuto, ngozi siichitika. Nthawi zambiri munthu ameneyo ndi makaniko.

Mdani amene anthu samuganizira ndi mpweya weniweniwu. Helikopita imayandama chifukwa mapiko ake amakankhira mpweya pansi. Mpweya ukapepuka, mapiko amasowa chogwira, nayo injini imachepa mphamvu, ndipo mpweya umapepuka pamalo okwera komanso kukatentha. Mzinda wa Goma uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 kuyezera kuchokera ku nyanja yamchere, ndipo midzi yambiri ya m'mapiri a Kivu ili pamwamba kuposa apo. Ndiye helikopita imene m'mamawa kukuzizira yanyamula gulu lonse, masana dzuwa lili paliwombo singalinyamulenso. Inu a ku Ntcheu mumadziwa mmene lole yodzaza chimanga imalirira pa Khwekhwerere: lole ndi yomweyo, koma olamula ndi phiri ndi katundu.

Tsiku lina tidakatenga asilikali amene adamaliza nthawi yawo pa kamsasa kena ka m'phiri. Papepala padalembedwa kuti aliyense ali ndi chikwama chimodzi cholemera mwakuti. Koma msilikali wobwerera kwawo mumamudziwa: wina wabisa thumba la nyemba, wina batire la galimoto, wina zipolopolo zimene sadawerengetse. Ndege idanyamuka kufika msinkhu wa denga la nyumba, kulira kwa mapiko kudasintha, basi idayamba kubwerera pansi yokha. Woyendetsa sadalimbane nayo, adaikhazika, koma idagunda mwamphamvu moti tayala lidaphulika ndipo mwendo umodzi udapindika. Wovulala padalibe, kupatula mkulu wina amene adadziluma lilime. Titakweza katundu yense pasikelo, manambala a papepala ndi a pasikelo adasiyana kutali. Kuchokera tsiku limenelo chikwama chilichonse chinkayamba chakwera sikelo, kaya mwini wake ali ndi nyenyezi zingati paphewa. Anthu ankatida nazo, koma tinkangoti pepani bwana, ikani apa.

Ku Darfur vuto lidali fumbi. Helikopita ikamatera pamchenga, mphepo ya mapiko ake imadzutsa mtambo wa fumbi woikuta yonse, moti pa masekondi omaliza woyendetsa saona pansi, saona kumwamba. Thupi limamunamiza kuti waima pomwe ndege ikutsetserekera chammbali, ndipo tayala limodzi likangokodwa pansi ndege imatha kugudubuka. Ndidakhalamo m'mtambo woterewu, tayala limodzi litagunda kale, ndege ikupendekeka. Woyendetsa wathu sadakakamire. Adaikoka n'kukweranso, tidazungulira, n'kukatera pena pamiyala. Asilikali a dziko la America, ndi zida zawo zonse zija, fumbi lidawaphetsa anthu 8 mu Epulo 1980 m'chipululu cha Iran, pomwe helikopita idawomba ndege ya C-130 imene idali pansi usiku, pa ulendo wokapulumutsa anthu awo ogwidwa ku Tehran. Kwa makaniko fumbi ndi ntchito yosatha. Limadya timapiko ta m'kati mwa injini pang'onopang'ono, limapala m'mphepete mwa mapiko akuluakulu mpaka penti kutha, limatseka masefa, ndipo injini imene kwina ikadakhalitsa imakalamba msanga.

Kumene mwana wanu akupita fumbi si nkhani kwenikweni, kumeneko ndi mvula. Mitambo ya mabingu imakwera masana mofulumira, ndipo pansi pake pamakhala mphepo yotsika molunjika imene imatha kupondereza ndege ikamatera. Pa 4 Epulo 2011 ndege yonyamula ogwira ntchito a United Nations kuchokera ku Kisangani idagwa pa bwalo la Kinshasa mvula yamkuntho ili mkati, ndipo mwa anthu 33 adapulumuka mmodzi yekha. Ofufuza adaloza mphepo ya mvulayo, komanso kupitiriza kutera pomwe kudali koyenera kupatuka. Nkhungu ya m'mapiri ndi chimodzimodzi: woyendetsa amatsika pang'ono kuti aziona pansi, amatsikanso pang'ono, kenako phiri lili pamaso pake. Mwana wanu akakapeza woyendetsa amene anzake amamuseka kuti ndi wamantha chifukwa amakonda kubwerera panjira, ameneyo ndiye woyenera kukwera naye.

Tsopano za ntchito yake yeniyeni, poti ndi pamene iye ali ndi mphamvu.

Injini kungozima yokha m'mwamba sikuchitikachitika, ndipo helikopita za Mi-8 ndi Mi-17 zija zili ndi injini ziwiri. Chimene ife timachiopa ndi giyabokosi yaikulu, imene imalandira mphamvu ya injini zonse n'kuzunguza mapiko, chifukwa imeneyo ndi imodzi basi. Pansi pake pamakhala kachotsekera ka maginito kokoka tizitsulo tilitonse toyenda mu oyilo. Tizitsulo tikachuluka, kagetsi kamayaka pamaso pa woyendetsa, ndipo lamulo ndi loti atere msanga. Kagetsi kameneka kadatiyakira tili pamwamba pa nkhalango. Tidapeza bwalo la mpira la sukulu ina n'kuterapo, ana onse adatuluka m'makalasi kudzationerera, aphunzitsi akuwabweza ndi tinthambi koma osatheka. Nditamasula kachotsekera kaja sindidapeze fumbi lachitsulo lija limabwera masiku onse zitsulo zikamakhulana, koma tizidutswa tonyezimira tomveka pachala. Woyendetsa adafunsa ngati tingalimbe mtima mpaka kumsasa, poti sikudali kutali ndipo deralo silidali lamtendere. Funso lake lidali lomveka, koma ndidati ayi. Tidagona pomwepo asilikali atatizinga, amayi a m'mudzimo atatibweretsera nthochi zophika. Giyabokosi ina idabwera ndi ndege ina, ndipo yakale ija ataitsegula adapeza beling'i imodzi itayamba kusweka.

Zambiri zoteteza moyo pa ntchitoyi ndi zotopetsa kuziona. Mafuta a ndegezi ndi a mtundu wa palafini, otchedwa Jet A-1, ndipo kumisasa yakutali amafika m'madilamu. Dilamu likagona panja, usiku kuzizira masana kutentha, m'kati mumachita thukuta, madzi n'kukhazikika pansi. Choncho m'mawa uliwonse makaniko amakhetsera mafuta pang'ono m'botolo loyera kuchokera pansi pa thanki n'kuliyang'ana padzuwa, kusaka timadontho ta madzi ndi zitsotso. Ndege ikaima, timachubu toyezera liwiro amativeka zivundikiro za nsalu yofiira, chifukwa mavu omanga ndi dothi aja amakonda kumangamo. Musati n'zoseketsa. Mu Febuluwale 1996 ndege ya Boeing 757 idagwera m'nyanja itangonyamuka ku Puerto Plata, m'dziko la Dominican Republic, n'kupha anthu 189. Kachubu kamodzi kadali kotsekeka, ndipo ofufuza adakayikira mavu omwewa.

Zida zonse zili ndi malo ake m'bokosi, ndipo zimawerengedwa ntchito isadayambe ndi ikatha. Sipanala imodzi ikasowa, ndege zonse zimene zagwiridwa tsikulo sizinyamuka mpaka itapezeka, chifukwa ikhoza kukhala itagona penapake pamene ingatsekereze zowongolera. Tidachezerapo ndi matochi kusaka kasipanala kamodzi, mapanelo onse titamasula, akuluakulu akuimba foni kufunsa chimene chikuchedwetsa. Kadapezeka m'thumba la ovolosi imene mnyamata wina adaiviika m'beseni. Mnyamatayo sadalangidwe, chifukwa ndiye adanena yekha kuti sakukaona. Wolangidwa amakhala wobisa. Mwana wanu aidziwe bwino mfundo imeneyi, chifukwa anyamata atsopano amaopa kudzudzulidwa, tsono amakhala chete pa chinthu chimene akadangochinena chikadathera pa kuseka.

Nkhani imene mphunzitsi aliyense wa umakaniko wa ndege amaifotokoza ndi ya pa 10 Juni 1990. Ndege ya British Airways idanyamuka ku Birmingham kupita ku Málaga, ndipo ikukwera galasi la kutsogolo lidathothoka, mphepo n'kukokera woyendetsa wamkulu kunja, theka la thupi lili panja, anzake atamugwira miyendo mpaka mnzake adateretsa ndege ku Southampton. Adapulumuka. Galasilo lidaikidwa usiku ndi munthu wodziwa ntchito, wa zaka zambiri, amene adasankha mabawuti poyerekeza ndi maso m'malo motsegula buku. Mwa mabawuti 90, okwana 84 adali oonda pang'ono, ena 6 aafupi. Kuondako sikudakwane ndi milimita imodzi yomwe. Ine mnyamata watsopano wofunsafunsa sandiopsa. Wondiopsa ndi katswiri wotopa amene wati izi ndimazidziwa. Pajatu safunsa adadya phula. N'chifukwa chake pa ziwalo zofunika, monga zowongolera, wina amamanga, wina wosiyana amadzayang'ana, ndipo onse awiri amasaina.

Kusainako ndiye pagona nkhani. Ndege ya asilikali sinyamuka popanda makaniko kusaina m'buku lake kuti ili bwino. Kunja, anthu amakhala ochepa, zipangizo zimachedwa kufika, ndiye pamabwera chiyeso chochotsa chiwalo pa ndege iyi kukaika pa inayo, mawa n'kubwezanso. Zimenezo zimaloledwa ngati zalembedwa, koma zikamachitika pakamwa pokha m'pamene paipi imatsala yosamangitsa. Kuonjeza apo kutentha, tulo tochepa, malungo akuyamba, ndi bwana waima pambali akuyang'ana wotchi chifukwa kutsogolo kuli wovulala woti akatengedwe. Pamenepo mwana wa sitepe yotsika ayenera kutha kunena mwaulemu kuti bwana, iyi sinyamuka, ndipo ndalemba chifukwa chake. Malamulo a ntchito ali kumbali yake, ndipo oyendetsa anzeru amamulemekeza munthu wotere, poti moyo umene akuteteza ndi wawo. Akakakamizidwa, asakangane pabwalo. Alembe vutolo m'buku n'kukauza injiniya wamkulu kapena ofesala woona za chitetezo cha ndege, amene gulu lililonse la ndege limakhala naye.

Koma tisamasenzetse zonse amakaniko. Pa 2 Sepitembala 2006 ndege ya asilikali a Britain ya Nimrod idayaka m'mwamba pafupi ndi Kandahar ku Afghanistan itangothiridwa mafuta ili mlengalenga, ndipo anthu onse 14 adafa. Mafuta otayika adakhudza paipi yotentha kwambiri. Lipoti la mu 2009 silidaloze mnyamata wa sipanala. Lidaloza zaka za kuchepetsa ndalama ndi mapepala a chitetezo olembedwa mwachiphamaso m'maofesi. Ndege ikakalamba imafuna ndalama, ndipo amene amagawa ndalamazo nthawi zambiri saikwera.

Za zipolopolo sindikubisirani, chifukwa mwapempha zoona. Kum'mawa kwa Congo kuli nkhondo, ndipo ndege zoyera za United Nations zidawomberedwapo. Pa 29 Malichi 2022 helikopita idagwa m'dera la Rutshuru kumene kudali kumenyana, n'kupha osungitsa mtendere 8, ambiri mwa iwo a ku Pakistan. Pa 5 Febuluwale 2023 helikopita ya Oryx ya asilikali a South Africa idawomberedwa ikuchoka ku Beni kupita ku Goma. Injiniya wake adafa, woyendetsa adavulala, komabe ndege idakatera. Chiopsezo chimenecho chilipo, ndipo n'chifukwa chake njira ndi nthawi za maulendo zimasinthidwasinthidwa, ndipo sizilengezedwa. Komabe pa nthawi yanga, anyamata amene tidawanyamula kupita nawo kuchipatala ambiri adali a malungo, a ngozi zapamsewu ndi odwala m'mimba. Makaniko nthawi yake yambiri amakhala pansi, pabwalo lotchingidwa, manja ali mu oyilo.

Inu muli ndi gawo lanu, amayi, ndipo si laling'ono. Mutu wa makaniko uyenera kukhala pa ntchito. Mikangano ya malire a munda, ngongole ya feteleza, zoti mlamu wanena zakuti, musamamutumizire usiku pa WhatsApp pomwe sangachitepo kanthu. Sungani mpaka tsiku limene akupuma, kapena zithetseni nokha ndi amalume ake. Akapanda kuimba masiku angapo, kawirikawiri ndi netiweki kapena ali kumsasa wakutali. Mukaona chithunzi cha ndege yogwa chikuzungulira m'magulu a pafoni musathamangire kulira, poti zambiri zimakhala zakale kapena za dziko lina. Uthenga woona umabwera kudzera ku gulu lake la usilikali. Ndiye asadanyamuke, khalani naye pansi muonetsetse kuti dzina ndi nambala ya wachibale zimene adalembetsa kuntchito n'zolondola, akupatseni nambala ya ofesi yosamalira mabanja a asilikali, ndipo za ndalama ndi za ana, ngati ali pabanja, zilembedwe bwino. Kutero si kumulosera zoipa, asilikali onse okhwima amachita zimenezi. Mukumbutseninso mankhwala oteteza malungo ndi neti, ndipo akamwa mankhwala ogonetsa, ngakhale a chimfine, auze womuyang'anira asadagwire ndege.

Za tulo tanu musazitenge mopepuka. Kudera nkhawa masiku oyamba n'kwachibadwa, ndipo kucheza ndi amayi anzanu amene ana awo adapitako n'kubwerako kumathandiza kuposa mawu anga. Koma masabata akamadutsa musakugona, chakudya chikukanika, mtima ukugunda mothamanga kapena mutu ukuwawa, pitani kuchipatala akakuyezeni BP ndipo mukawauze madokotala chimene chikukusowetsani mtendere, osangolandira panado n'kubwerako.

Akadzabwera, mudzamuyang'anitsitse. Munthu amene adakhalapo m'ndege yotsala pang'ono kugwa, kapena amene adanyamula mitembo ya anzake, amatha kuseka bwinobwino masiku oyamba, zinthu n'kudzatulukira pambuyo. Kulota zoopsa, kudzidzimuka chitseko chikamenyetseka, kupsa mtima pa zazing'ono, kudzipatula, mowa wopitirira muyezo: zimenezi zikapitirira mwezi, asachite manyazi. Ayambire kwa dokotala kapena abusa a kuntchito kwake, ndipo thandizo la akatswiri a maganizo lilipo ku chipatala cha Zomba Mental komanso ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Akadzayamba kulankhula zofuna kudzipweteka, musadikire mawa, mupite naye tsiku lomwelo.

Chovulala china chimene amakaniko ambiri timabwera nacho, ndipo palibe amachiwerengera, ndi makutu. Phokoso la injini limawononga makutu pang'onopang'ono, ndipo akawonongeka sabwereranso. Zotchinga m'makutu azivala nthawi zonse injini ikamalira, ngakhale kutenthe bwanji, ngakhale anzake azimuseka. Akadzamva kulira m'makutu kosatha, kapena mukadzaona kuti wailesi akuikweza kuposa kale, akayezetse, ndipo zotsatira zake zilowe m'fayilo yake ya kuntchito akadali msilikali, chifukwa akadzapuma zimavuta kutsimikiza kuti vutolo lidachokera ku ntchito.